Timu yanga imasewera pa ayezi, ine ndili ku Ulongue

Masewero ambiri a Hershey Bears amayamba 7 koloko madzulo kwawoko ku Pennsylvania, kuno imakhala 2 koloko usiku, ndiye mukaona kawindo kena kakuwala m'bayiro mwathu nthawi imeneyo musaganize zambiri, ndine ndikutsatira hokei pa foni. Ikakwana Malichi iwo amasuntha wotchi, zimabwera 1 koloko, bolako pang'ono. A Lamlungu ndi amene ndimawakonda chifukwa kawirikawiri amayamba dzuwa lisanalowe kwawo, kuno cha m'ma 10 kapena 12 usiku, umagonako ndithu nkudzuka bwinobwino kupita ku ntchito.

Zinayamba ndi ka vidiyo kamene mlamu wanga wa ku Moatize anaponya pa WhatsApp kumapeto kwa Januwale 2023, iye ankangofuna kuti tiseke azungu. Bwalo lodzaza anthu, pansi pali ayezi, kenako anthu onse nkuyamba kuponya zidole za zimbalangondo m'bwalomo, zazing'ono zazikulu, zina zazikulu kuposa mwana wa zaka 5, mpaka osewera akudumphira pa mulu nkusowa. Ndinafufuza kuti ndi chani chimenechi. Ndi mwambo wa chaka ndi chaka, aliyense amabwera ndi zidole ndipo timu yapakhomo ikangomwetsa chigoli choyamba amaponya, zidolezo amazitolera nkukapereka ku mabungwe osamalira ana. Koma chinandigwira mtima ndi ichi: tsiku limenelo timu yawo sinagoletse ayi. Bridgeport inawachinya 2-0. Anthu anakhala ndi zidole pamiyendo masewero onse kudikira chigoli chosabwera, atatsala masekondi ochepa anangoti aaa zatikwana, nkuponyabe basi. Zidole 67,309. Ndinati anthu amene amachita chikondwerero timu yawo itagonja pakhomo awa ndi anzanga. Mu Januwale 2025 anafikitsa 102,343, tsiku limodzi, m'bwalo lolowa anthu 10,500 okha, werengani nokha kuti munthu mmodzi ananyamula zingati.

Hershey ndi katauni kakang'ono, kanamangidwa ndi Milton Hershey mozungulira fakitale yake ya chokoleti, nchifukwa chake ngakhale yunifolomu ya timu ndi yofiirira mtundu wa chokoleti. Timuyi ili mu American Hockey League, AHL, kuyambira 1938, ndipo ndi imene yatenga chikho cha ligiyi, Calder Cup, kambiri kuposa ina iliyonse, ka 13. Koma AHL si ligi yaikulu. Yaikulu ndi NHL, kumene kuli ndalama ndi ma TV ndi mayina monga Ovechkin. AHL ndi yapansi pake, matimu 32, ndipo iliyonse ili ndi timu yaikulu imene imaisungira osewera. Hershey imasungira Washington Capitals.

Apa ndi pamene mutu wanga unavutika miyezi yoyamba, chifukwa ife tinazolowera Moçambola, ligi yathu ya mpira wa miyendo kuno ku Mozambique, timu ikachita bwino ku zigawo imakwera, ikalephera imatsika, Chingale de Tete yakwerapo nkutsikanso tikuona. Kumeneko kulibe zimenezo. Hershey itha kutenga chikho zaka khumi zotsatizana siidzakwera, Washington itha kugonja chaka chonse siidzatsika. Amene amakwera ndi kutsika ndi munthu. Mnyamata akayamba kugoletsa kwambiri ku Hershey, kapena wina akavulala ku Washington, foni imalira, mawa lake ali m'galimoto, ndipo sabata imene muli ndi masewero atatu ovuta mumapezeka mulibe wogoletsa wanu. Palibe kukambirana, palibe ndalama yogulira chifukwa anali wawo kale. Zili ngati muja timu ya kwathu kuno imaphunzitsira mnyamata kuyambira pa mpira wa mapepala, akangoyamba kuwala a ku Songo kapena a ku Maputo atenga, inu nkutsala mukumuombera m'manja pa wailesi uku mtima ukuwawa.

Ndiye kusapota timu yotereyi ndi ntchito yodabwitsa, umapempherera mnyamata kuti achite bwino uku ukudziwa kuti akachita bwino kwambiri wapita. John Carlson anatenga zikho ziwiri ndi Hershey mu 2009 ndi 2010 ali kamnyamata, Braden Holtby goloboyi uja anadutsanso pompo, onse awiri anadzanyamula Stanley Cup, chikho cha NHL, ndi Washington mu 2018. Makochi nawonso chimodzimodzi, Bruce Boudreau anapambana ndi Hershey mu 2006, chaka cha 2007 chisanathe anali ku Washington. Spencer Carbery amene akuphunzitsa Capitals panopa anali ku Hershey kuyambira 2018 mpaka 2021. Ovechkin sanapondeko, anthu ngati amenewo amangolowera pamwamba, ndipo pamene anaswa rekodi ya Wayne Gretzky ya zigoli zambiri mu NHL mu Epulo 2025 ndi chigoli cha nambala 895 ndinasangalala inde koma osati kwambiri, si wathu.

Anthu anga enieni ndi ena aja osapita. Mu timu iliyonse ya AHL muli akuluakulu angapo a zaka 30 ndi kupitirira, analawako NHL masewero awiri kapena khumi nkubwezedwa, akudziwa kuti foni ija mwina siidzaliranso koma akuyendabe pa basi usiku kupita ku Wilkes-Barre kapena Allentown, mano ena anatsala pa ayezi kalekale. Malamulo a ligi salola kudzaza timu ndi anthu otere, ambiri ayenera kukhala achinyamata ophunzira, ndiye malo a akuluakulu ndi ochepa ndipo amawalimbirana. Ntchito yawo ndi kuphunzitsa mnyamata wa zaka 20 amene adzalandira ndalama zimene iwo sadzazionapo. Ine zimenezo zimandikhudza kuposa zigoli.

Kwa amene simunaonepo, mwachidule: anthu 6 mbali iliyonse kuphatikiza goloboyi, zigawo zitatu za mphindi 20, nsapato zake pansi zili ndi chitsulo chonola, m'manja ndodo yopindika. Mpira wake saugwiritsa wozungulira, ndi kalabala kolimba kaphwatalala kakuda kotchedwa puck, masentimita 7.6 m'lifupi, ndipo amakaika mu fuliji masewero asanayambe kuti kasamadumphedumphe. Osewera amasinthana masewero ali mkati, munthu amathamanga masekondi 45 okha nkudumpha kampanda kukapuma wina nkulowa, oyimbira osaimitsa. Ukalakwa sakupatsa kadi, amakutsekera m'kabokosi mphindi 2 anzako nkumavutika operewera, mukamenyana zibakera nonse mphindi 5 kenako mubwerere kukasewera kkkk. Kuonera pa foni vuto ndi puck, sikaoneka. Ndinaphunzira kusiya kukafunafuna, umangoyang'ana kumene mitu ya osewera yaloza ndi mmene goloboyi akusunthira, puck ili komweko. Komanso mamega sangakwane kuonera chilichonse, masewero ambiri pa intaneti ndi olipira mu madola, ndiye masiku ambiri ndimangotsatira zotsatira zikusintha pa tsamba la ligi, m'mawa nkuonera zigoli pa YouTube netiweki ikalola.

Tsiku limene sindinaumire mamega ndi fainolo ya 2023. Hershey ndi Coachella Valley Firebirds, timu ya ku California imene inali chaka chake choyamba, apambana atatu atatu, masewero a nambala 7 kwawo kwa Firebirds pa 21 Juni. Kuno inali 4 koloko m'bandakucha wa tsiku lotsatira, ndipo amene mumadziwa Juni wa ku Angónia mukudziwa kuti si nthawi yotulutsa dzanja m'bulangete. Ndinakhala pa mpando wa pabalaza nditafunda bulangete mpaka kumutu, foni nditaitsamiritsa pa chitini cha shuga, tchaja chili chilumikizire. Tinayamba kugonja 2-0. Kenako Connor McMichael, kenako Hendrix Lapierre, anyamata awiri aang'ono, 2-2, chigawo chachitatu palibe wagoletsa, nthawi yowonjezera. Mu ma playoff a hokei, masewero a ndime yolimbirana chikho, mulibe mapenate, amangosewera mpaka wina amwetse, chigoli chimodzi zonse zathera pomwepo, ndiye puck iliyonse yopita ku golo lathu m'mimba mumachita kuti juu. Kunja kunacha, mayi a kunyumba anadzuka kukoleza mbaula, akundidutsa ndi ketulo osalankhula. Ndiye pakhomo pa golo la Firebirds panachitika chipwirikiti, puck yagwera pakati pa miyendo ya anthu, Mike Vecchione, mmodzi wa akuluakulu aja, wa zaka 30, nkuikankhira mkati. Ndinakuwa mpaka chitini cha shuga chinagwa. Mayi analowa ndi liwiro.

"Abambo, kwagwanji?"

"Tapambana amayi, chikho!"

"Mwapambana ndani? Inu ndi ndani?" Anatola chitini chawo nkutuluka.

Chaka chotsatira anakumananso matimu omwewo, Hershey inatenganso, ulendo uno pakhomo, masewero a nambala 6, Matt Strome nayenso mu nthawi yowonjezera. McMichael anali atapita kale ku Washington, monga mwa nthawi zonse.

Za kumene masewerowa anachokera ndinayamba kuzifufuza chifukwa cha amalume anga. Iwo anagwirako ntchito ku Beira ndi ku Maputo ali anyamata, ndipo atandipeza ndikuonera anayang'ana pa foni nkunena kuti, "Mphwanga, hokei imeneyi ndi yathu yomwe ija, angoichotsa matayala. Azungu ako akuba." Amanena hokei ya nsapato za matayala ija imene imaseweredwa pa simenti kapena pa matabwa, imene dziko lathu limaidziwa ndithu ngakhale kuno kumtunda sitinaione kwenikweni. Ndipo pa ulemu wake amalume sananame, anyamata a ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, monga Fernando Adrião ndi Francisco Velasco ankasewerera Portugal nkumatenga zikho za dziko lonse nthawi ya atsamunda, ndipo mu 2011 ku San Juan ku Argentina timu ya Mozambique inathera pa nambala 4 padziko lonse, chinthu chimene mpira wathu wa miyendo sunayandikirepo. Ku Maputo matimu monga Desportivo ndi Ferroviário akadali nayo. Koma zoti ya pa ayezi inabedwa ku ya matayala, ayi amalume, pepani. Ndi pachibale chabe, zonse zinachokera ku masewero akale a ndodo ndi mpira.

Tsiku limene mabuku amalemba ndi 3 Malichi 1875, ku Montreal, m'nyumba yotchedwa Victoria Skating Rink. Anakonza ndi James Creighton, injiniya wochokera ku Halifax ku Nova Scotia, ndipo ena mwa osewera anali ophunzira a pa McGill University, anthu 9 mbali iliyonse. Poti anali m'nyumba ndipo oonera anaima pafupi popanda chotchinga, anaopa kuti mpira uziuluka nkuvulaza anthu, ndiye anagwiritsa kathabwa kaphwatalala koti kazingotsetsereka pansi, gwero la puck limenelo. Kukula kwa ayezi wa m'nyumba imeneyo ndi kumene mabwalo a ku America akutsatirabe mpaka lero, pafupifupi mamita 61 kwa 26. Ndipo masewero oyambawo anatha ndi ndewu, osati ya osewera okhaokha koma ndi mamembala a kalabu amene ankafuna ayezi wawo kuti azitsetserekapo mwamtendere. Ndinaseka nditawerenga, hokei inabadwa ndi khalidwe lake lomwe. Pamalo pamene panali nyumbayo lero pali poimikapo magalimoto.

Kuchokera apo zinathamanga. Kalabu ya McGill 1877, bwanamkubwa wa Canada Lord Stanley amene ana ake anaikonda hokei anagula chikho mu 1892, chinaperekedwa koyamba 1893, ndi Stanley Cup yomweyi, NHL nkudzayamba 1917 ku Montreal konko, AHL 1936.

Koma Creighton sanalote masewerowa usiku. Anabwera nawo kuchokera kwawo, ngakhale ndodo zoyamba anachita kuitanitsa ku Halifax. Nchifukwa chake mpaka lero matauni akukangana, a ku Windsor ku Nova Scotia amati anyamata a sukulu ankasewera pa dziwe lawo cha m'ma 1800, a ku Kingston ku Ontario amati ndi asilikali a kwawo, a ku Halifax nawo ali ndi zawo. Ofufuza ena anapezanso kuti ku England anthu ankathamangitsana ndi ndodo pa madzi oundana kale kwambiri, ngakhale Charles Darwin analembera mwana wake kalata mu 1853 kumuuza kuti ankakonda hokei ya pa ayezi ali mnyamata. A ku Ireland anali ndi hurling, a ku Scotland shinty, asilikali ndi osamuka anawoloka nazo nyanja, atapeza dziko limene madzi amauma miyezi ingapo pachaka anangopitiriza pamwamba pa madziwo. Ndiye panali eni dziko, mtundu wa Mi'kmaq, amene anali ndi masewero awo a ndodo ndipo ndi amene ankasema ndodo zabwino koposa, kuchokera ku mtengo umodzi wopindika wokha kumunsi cha ku mizu. Kampani ya Starr ya ku Dartmouth inkagulitsa ndodo zotchedwa Mic-Mac m'dziko lonse la Canada mpaka mafakitale anadzalanda msika. Maganizo anga ndi akuti Montreal inapata dzina chifukwa inali ndi nyuzipepala ndi yunivesite ndi anthu odziwa kulemba malamulo papepala. Ntchito yeniyeni inagwiridwa pa madziwe a kumidzi ndi anthu amene palibe anawalemba.

Chimene sindinayembekezere ndi anthu akuda. Ine ndinkayesa kuti awa ndi masewero a azungu kuyambira pachiyambi. Koma mu 1895, zaka 22 NHL isanabadwe, ku Nova Scotia kunali ligi ya anthu akuda okhaokha, Colored Hockey League, anaiyambitsa atsogoleri a mpingo wa Baptist pofuna kukokera anyamata ku tchalitchi, bwera kumapemphero kenako tikasewere, njira imene abusa athu akuigwiritsabe ndi mpira. Makolo a ambiri mwa osewerawo anathawa ukapolo ku America. Kunali Halifax Eurekas, Dartmouth Jubilees, Africville Sea-Sides, ndipo ofufuza ena amati kaseweredwe kena kamene lero aliyense amachita, monga goloboyi kugwada pansi potchinga, kanaoneka kumeneko nthawi imene maligi a azungu ankaletsa. Ankawapatsa mabwalo kumapeto kwa nyengo ayezi atayamba kusungunuka. Mudzi wa Africville umene unali ndi timu yamphamvu ija mzinda wa Halifax unadzaugwetsa m'zaka za m'ma 1960, tchalitchi chomwe, anthu nkuwasamutsa, kupepesa kunabwera 2010. Ife a chigawo cha Tete nkhani ya kusamutsa mudzi sitichita kuiwerenga m'mabuku, ndiye pamenepo ndinaika foni pansi kaye.

Munthu wakuda woyamba mu NHL analowa pa 18 Januwale 1958, Willie O'Ree wa ku Fredericton, Boston Bruins inamuitana kuchokera ku timu yapansi ya Quebec Aces kuti akasewere ku Montreal. Bamboyu diso lake lamanja silinkaona, puck inamumenya zaka ziwiri m'mbuyomo ndipo anabisa, akanadziwa sakanamulola. Mu NHL anasewera masewero 45 okha, zigoli 4, akutukwanidwa m'mabwalo. Anthu amakonda kuthera nkhani pamenepo koma kwa ine mbali yaikulu ndi yotsatirayo, anabwerera ku maligi apansi nkusewera ku Los Angeles ndi ku San Diego mpaka 1979 ali ndi zaka 43, ndi diso limodzi, akugoletsa kuposa anyamata. Foni siinalirenso. Anadzamukumbukira atakalamba, anamulowetsa mu Hall of Fame, nyumba yolemekeza akatswiri a hokei, mu 2018, Boston nkupachika nambala yake 22 mu 2022 kuti wina asadzaivalenso. Ndi mtundu womwe uja wa akuluakulu a pa basi.

Mlamu wanga uja amandiseka kuti ndikusapota masewero amene ngakhale mwana wanga sadzawasewera, ndipo kwa iye wokhala ku Moatize kumene Okutobala amapitirira madigiri 40 ndikumumvetsa, ayezi wa m'kapu satha mphindi zisanu. Komabe ku Nairobi kuli kabwalo ka ayezi mu hotela ya Panari ndipo kuli timu, Kenya Ice Lions, mu 2018 anawatengera ku Canada nkusewera limodzi ndi Sidney Crosby, katswiri wa NHL, mu 2024 Kenya inalowa m'bungwe la hokei la dziko lonse, South Africa ili momwemo kuyambira 1937. Magetsi a Cahora Bassa atha kuumitsa mabwalo ambirimbiri, kungoti ambiri amapita kwina, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ine ndingakondwe ngakhale ya matayala ija itafika ku Ulongue, simenti ilipo, amalume angakhale oyimbira.

2025 sitinatenge chachitatu, Charlotte Checkers inatitulutsa mosachita kuvutika ndipo chikho chinapita ku Abbotsford. Kenako kochi Todd Nelson amene anatipatsa zikho ziwiri zija ananyamuka kukakhala wothandizira ku Pittsburgh Penguins, inde Pittsburgh, makolo a Wilkes-Barre adani athu enieni, zinandipweteka kuposa kugonjako. Ambiri mwa anyamata a 2023 anabalalika, ena Washington ena matimu ena ena ku Ulaya, ndiye nyengo ikamayamba mu Okutobala ndimakhala ndi kapepala kolembapo manambala ndi mayina atsopano chifukwa pa foni nkhope sizioneka, pali zipewa. Masewero 72 mpaka Epulo. Pali kamnyamata kena kotchinga kumbuyo kamene ndakaona kuti kali ndi mutu, sikathamangira kutaya puck kakapanikizidwa pakona, dzina sinditchula dala, a ku Washington angamve.